Kusintha Ntchito, Kukaona Makolo ndi Kupumako M'nyengo Yozizira: Dongosolo la Banja Latsopano ku Salima ndi ku Nkhotakota

Kuno kunyanja, Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino kuyenda. Mvula yatha, misewu yafumbi yauma, kutentha kwa Okutobala kukadali kutali, ndipo kumudzi akolola, choncho mlendo salemetsa. Mabanja atsopano ambiri amasankha nthawi imeneyi kukaona makolo a mbali zonse ziwiri. Zimavuta pamene mmodzi wa inu wapezanso ntchito ina m'miyezi yomweyi, kaya ndi ku Dwangwa, ku Lilongwe kapena pa boma pomwepa. Zinthu zitatuzi zimatheka zonse, koma zili ndi ndondomeko yake: nkhani ya ntchito iyambe yakhazikika papepala, ndalama ziwerengedwe, kenako muuze makolo tsiku lofika. Mukayamba ndi kulonjeza apongozi tsiku, zotsalazo muzichita mothamanga ndipo zidzakudyerani ndalama.

Choyamba: kalata ya ntchito yatsopano ikhale m'manja

Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti bwana wakumalo atsopano wakuuzani pafoni kuti mwapambana. Dikirani kalata yosainidwa. Muli zinthu zisanu zoti muziwerenge mofatsa nonse awiri: tsiku loyamba ntchito, malipiro asanadulidwe msonkho, malo enieni ogwirira ntchito, ngati akupereka nyumba kapena ndalama ya nyumba, ndi kutalika kwa nthawi yoyesedwa, imene ambiri amati probation.

Nthawi yoyesedwayi ndi imene imakhudza maulendo anu. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limalola kuti ifike miyezi 12 kwa munthu wantchito yaluso, ndipo m'kati mwa nthawi imeneyi mgwirizano ungathe kuthetsedwa popanda notisi. Munthu amene wangoyamba kumene sapempha sabata yokaona apongozi. Choncho ulendo wakumudzi uikeni pakati pa ntchito ziwirizi, osati mutayamba kale yatsopanoyo. Tsiku loyamba ntchito limakambidwa musanasaine. Pemphani mwaulemu kuti alisunthe ndi masiku 10 kapena 14, munene kuti mukufuna kumaliza notisi ndi kusamutsa banja. Olemba ntchito ambiri amamva pempho lotere likabwera msanga.

Chachiwiri: notisi ndi masiku a tchuthi

Ngati mumalandira malipiro pamwezi, notisi yanu ndi ya mwezi umodzi, pokhapokha ngati mgwirizano wanu ukunena nthawi yotalikirapo. Ilembeni, muikepo deti, mupereke ku ofesi yoona za antchito, ndipo kope lanu alidinde kapena alisaine. Mukangochoka osapereka notisi, abwana ali ndi ufulu wofuna malipiro a mwezi umodzi m'malo mwake, ndipo ndalama imeneyo ndi yomwe mumati muyendere.

Kenako werengani masiku a tchuthi. Lamulo limapereka masiku 18 pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Wogwira masiku asanu amene sanapumeko kuyambira Januwale amakhala kuti pofika kumapeto kwa Juni wasonkhanitsa masiku 7 ndi theka. Masiku amenewa mungathe kupempha kuwapuma kumapeto kwa notisi, abwana akalola, kapena kuwalandira ngati ndalama. Langizo lathu ndi lakuti ngati pali kale mpata pakati pa ntchito ziwirizi, tengani ndalama. Ngati palibe mpata, tengani masiku.

Pali malo amodzi pamene achinyamata ambiri amagwa mphwayi. Munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira severance allowance, ndalama yapadera imene wolemba ntchito amapereka ntchito ya munthu ikathetsedwa. Kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, ndalama imeneyi imapita kwa ochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ili pamavuto azachuma, ndi kwa ochotsedwa mopanda chilungamo. Musaiike m'bajeti. Chanu ndi malipiro a masiku amene mwagwira ndi a tchuthi chotsala, ndipo ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku losiya. Funsaninso kalata yotsimikizira kuti munagwira ntchito pamalopo, yosonyeza udindo wanu ndi madeti ake.

Penshoni musaiiwale. Wolemba ntchito amayenera kusonkha 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Musanachoke, itanitsani sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yanu, muone ngati miyezi yonse inalowa. Zimachitika kuti papepala la malipiro ndalama ikudulidwa koma sikufika kothumba, ndipo kulondoloza zimenezi muli kutali n'kovuta. Nambala yanu ya penshoni mupite nayo kuntchito yatsopano.

Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena a m'boma amayendera malamulo awoawo. Amene akupempha kusamutsidwa kuti atsate mwamuna kapena mkazi wake akonzeretu setifiketi ya ukwati ndi kalata ya ntchito ya mnzakeyo, ndipo asachoke pamalo ake kalata yomusamutsa isanatuluke.

Winayo amene sakusintha ntchito apemphe tchuthi chake mwezi wathunthu nthawi isanakwane. Pa 6 Julayi ndi tchuthi cha boma chokumbukira ufulu wa dziko lino, ndipo likagwa Loweruka kapena Lamlungu anthu amapuma Lolemba lotsatira. Mukalumikiza tsikuli ndi mapeto a sabata, mumapeza masiku owonjezera osadya tchuthi chanu.

Chachitatu: mwezi wouma umene uli pakati

Apa ndi pamene tikufuna mukhalitsepo, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amagwera m'katapila. Tiyerekeze kuti mwasiya ntchito pa 30 Juni ndipo yatsopano mukuyamba pa 15 Julayi. Kumapeto kwa Julayi mudzalandira theka la mwezi basi. Komanso maofesi ambiri amatseka mndandanda wa malipiro pakati pa mwezi, ndiye dzina lanu likachedwa kulowa, ndalama yoyamba mudzaiona kumapeto kwa Ogasiti. Kuchoka pa 30 Juni kukafika pa 31 Ogasiti ndi miyezi iwiri yodya malipiro amodzi.

Tengani pepala, mulembe zimene simungazithawe m'miyezi iwiriyo: lendi, chakudya, magetsi, madzi, ulendo wopita kuntchito, ngongole ya kubanki mkhonde ngati ilipo, ndi fizi ya m'bale amene mumamulipirira, poti chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Ngati mukusamuka, onjezani lendi ya miyezi itatu, chifukwa eni nyumba ambiri amafuna yotero polowa, ndi mtengo wa lole yonyamula katundu. Ndalama imeneyi ikhale payokha, ku akaunti ya kubanki kapena pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene simuyenda nayo. Chotsalacho ndicho cha ulendo.

Cha ulendocho chigaweni panayi: thiransipoti yopita ndi yobwerera, mphatso, ndalama yosiya m'manja mwa makolo, ndi yangozi. Yobwererayo muibise padera musananyamuke. Kumudzi mukafika aliyense ali ndi vuto lake lenileni, wina mankhwala, wina feteleza wa kudimba, ndipo mtima ukagwira mumapezeka mwapereka ndi ya basi yomwe. Gwirizanani muli kunyumba kuti mbali iliyonse musiyako zingati, ndipo pasakhale wopereka mobisa. Ndalama yobisirana ndi imene imabweretsa mkangano wokafika kwa ankhoswe.

Ngati mwawerenga n'kuona kuti sizikukwana, chepetsani masiku kapena siyani ulendo wokasangalala. Musakongole ndalama yoyendera pamene malipiro otsatira simukudziwa tsiku lake.

Chachinayi: kugawa masiku pakati pa makolo awiri

Mbali ziwirizi zilandire masiku ofanana kapena oyandikana, ndi mphatso zofanana. Anthu amawerenga, ngakhale sanena. Mukakhala ndi masiku 10, dongosolo labwino ndi ili: masiku atatu kwa makolo a mkazi, atatu kwa makolo a mwamuna, awiri a inu nokha, awiri omaliza kunyumba kuchapa, kulongedza ndi kupuma ntchito isanayambe. Yambani ndi mudzi wakutali, mumalizire wapafupi, kuti galimoto ikavuta muli ndi masiku okonzera.

Aliyense auze yekha makolo ake, ndipo anene tsiku lofika pamodzi ndi lochoka: "Amayi, tifika Lachisanu madzulo, tidzanyamuka Lolemba m'mawa chifukwa bambo akunyumba akuyamba ntchito yatsopano." Tsiku lochoka likanenedwa pachiyambi, palibe amene amadandaula kuti mwathawa. Funsaniponso ngati pali chiliza, ukwati kapena chinamwali chimene chikukonzedwa, poti miyambo yambiri imachitika anthu akakolola, ndipo ena a banja amapita ku Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia kumapeto kwa Ogasiti. N'kwabwino kusuntha ulendo ndi sabata imodzi kuti mukapezeke pamwambo, kusiyana ndi kuyenda kawiri.

Nkhani yosintha ntchito ndi kusamuka mukaifotokoze mutakhala pansi, kwa makolo ndi kwa amalume, ndipo ankhoswe a mbali zonse adziwe kumene mukupita. Ngati banja likhala losiyana kwa miyezi ingapo, wina ku Salima wina ku Lilongwe, nenani poyera kuti ndi mpaka liti.

Chachisanu: zonyamula

Munthu wozolowera kunyanja amanyozera kuzizira kwa kumtunda. Nyanja yathuyi ndi yokwera mamita osafika 500 poyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ndi yokwera pafupifupi mamita 1,600. Kuno mu Juni juzi imodzi imakwana m'mawa, koma ku Dedza, ku Ntchisi, ku Dowa kapena ku Mzimba usiku mumafunika zambiri. Aliyense atenge juzi yokhuthala, jekete, sokosi mapeyala atatu ndi chipewa. Tengani bulangete lanu limodzi lalikulu, chifukwa kumudzi mabulangete amakhala owerengeka ndipo apongozi amadzimana kuti mlendo afunde. Pochoka mungathe kulisiya ngati mphatso. Mwana wakhanda akhale ndi kachipewa, masokosi, shawelo ndi zovala zosinthira zambiri, poti matewera ochapa sauma msanga kukakhala chifunga. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chingakhale chibayo.

Chenjezo limodzi tilinene mwamphamvu: musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire kenako sadzukanso. Othani moto panja kapena pakhonde, ndipo mbaula ituluke musanatseke chitseko.

Neti yoteteza udzudzu itengeni ngakhale kukuzizira. Tenganinso mabuku a kuchipatala, ziphaso zaunzika, ndi mankhwala a masiku onse monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera.

Mphatso ya kunyanja ndi mpunga ndi nsomba. Mbali iliyonse makilogalamu 5 kapena 10 a kilombero, chigoba chimodzi kapena ziwiri za usipa wouma, chambo chowamba pang'ono, shuga mapaketi awiri, botolo la mafuta ophikira, sopo, ndi chitenje cha amayi. Nsomba zouma ziikeni m'katoni kapena mumtanga woyalamo mapepala. Mujumbo zimachita thukuta, n'kuyamba nkhungu ndi fungo musanafike. Chambo chachiwisi chitumbuleni, muchiike m'bokosi la ayezi, ndipo muchite zimenezi pokhapokha ngati mufika tsiku lomwelo. Pobwerera, chimanga chimene akupatsani chikhale chouma bwino ndipo mukachithire mankhwala a anankafumbwe kapena mukachisunge m'thumba losalowa mpweya la PICS. Matumba a makala musavomere kunyamula, chifukwa makala opanda chilolezo amalandidwa pa rodibuloko ndipo mlandu umagwera amene wapezeka nawo.

Chachisanu ndi chimodzi: pamsewu

Kuchoka pa Kamuzu Road ku Salima kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo msewuwo ndi wokwera ndi wokhotakhota. Kupita ku Nkhotakota mumakhotera pa Kaphatenga kulowa M5, kudutsa Khombedza, Benga ndi Chia, makilomita oposa pang'ono 100. Opita ku Dedza kapena ku Ntcheu angathe kutsika ndi M5 mpaka ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere. Ochoka ku Nkhotakota kupita ku Kasungu amadutsa M18, imene imalowa m'nkhalango ya nyama, choncho idutseni masana ndipo musatsike m'galimoto mukaona njovu.

Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma hafu faifi. Khalani pa depoti 6 koloko m'mawa, pamene minibasi ndi ma Sienta zimadzaza msanga. Masana mungathe kukhala maola awiri mukudikira anthu, n'kukafika pamphambano ya kumudzi kutada, pamene kabaza amakweza mtengo ndipo msewu wafumbi suoneka bwino. Mtengo wa katundu mugwirizane ndi kondakitala musanakwere. Mkazi woyembekezera kapena wobereka mwana asakwere njinga yamoto yonyamula anthu atatu.

Oyenda pa galimoto yawo athire mafuta dzulo lake, osadalira kuti akapeza panjira. Onani tayala lapadera, jeke, madzi a mu rediyeta ndi mabuleki, ndiponso ngati inshuwalansi ndi COF (setifiketi yosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) sizithera muli paulendo. Potsika Khwekhwerere kapena zitunda za M14 gwiritsani giya yotsika, chifukwa kupondaponda mabuleki mtunda wonse kumawatenthetsa mpaka amasiya kugwira.

Chachisanu ndi chiwiri: masiku awiri a inu nokha

Anthu amachoka kutali kudzaona zimene inu muli nazo pakhomo, ndiye simufunika kuwononga zambiri. A ku Salima ali ndi Senga Bay pa makilomita pafupifupi 20, ndi malo a nyama a Kuti, kumene munthu amayenda wapansi kapena panjinga n'kumaona mbidzi ndi agwape. Kumwera, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mua Mission ndi malo a Kungoni osungirako za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. A ku Nkhotakota ali ndi mtengo wa mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, akasupe otentha a Mawira, Chia, ndi nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015 ndipo mu 2016 ndi 2017 linabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Nyamulani chiphaso chaunzika, chifukwa Amalawi amalipira mtengo wotsika pachipata. Malo ogona amatsika mtengo pakati pa sabata, ndipo pa sabata ya 6 Julayi amadzaza, choncho imbani foni msanga.

M'nkhalangomo muli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zotuwa, zamikono italiitali, ndipo mawindo a galimoto akhale otseka. Mukadwala malungo osamva mankhwala mutachokera kumeneko, auzeni adokotala kumene munali.

Panyanja, iyi ndi nyengo ya mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, imalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imatha kuutsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa. Nthambi yoona zanyengo imatulutsa machenjezo a mwera pawailesi, muziwamvera. Musanakwere boti yopita kuchilumba, yang'anani asodzi: ngati mabwato awo ali pamchenga, inunso khalani pamtunda. Boti yopanda majekete oyandamitsa musakwere. Posamba pewani malo a bango ndi a udzu, ndiponso pamathiriro a mitsinje monga Bua, Linthipe ndi pakamwa pa Chia, chifukwa ndi kumene kumakhala ng'ona, mvuu ndi nkhono za likodzo. Ngati mwasamba malo okayikitsa, kayezetseni likodzo patatha miyezi iwiri. Mankhwala ake a praziquantel sagwira bwino nyongolotsi zikadali zazing'ono, n'chifukwa chake kumwa tsiku lotsatira sikuthandiza.

Chachisanu ndi chitatu: kusamuka

Ngati ntchito yatsopano ili kutali, wopita kuntchitoyo atsogole yekha mwezi woyamba, agone kwa m'bale kapena m'chipinda chalendi, afufuze nyumba ali komweko. Nyumba yopezedwa pafoni kudzera mwa dobadoba musailipire musanaione ndi maso ndi kukumana ndi mwini wake. Mnzanu asasiye ntchito kapena geni yake mpaka nthawi yoyesedwa itatha, chifukwa malipiro awiri akaduka pamodzi palibe pogwira.

Mwini nyumba imene mukutuluka mumuuze mwezi umodzi nthawi isanakwane, molemba. Jambulani mita ya madzi ya Central Region Water Board ndi ya ESCOM tsiku lotuluka, mulipire zotsala, musunge malisiti. Kunyumba yatsopano chitaninso chimodzimodzi tsiku lolowa, ndipo funsani ngati mita ilibe ngongole yakale, chifukwa ngongole yotere imadya mayunitsi anu nthawi iliyonse mukagula.

Makalata osamukira ndi atatu kapena anayi, ndipo onse amatengedwa musanachoke: ya kusukulu ngati muli ndi mwana kapena mlamu wophunzira, ya kuchipatala kwa olandira ma ARV kapena mankhwala a TB ndi kwa mayi wa sikelo, ya kumpingo kapena mawu kwa akuluakulu a kumzikiti, ndi ya gulu la banki mkhonde yosonyeza kuti mwabweza ngongole ndiponso mmene mudzalandirire masheya anu pogawana. Ophunzira asamutsidwe teremu yachitatu ikatha, kuti akayambe kalasi yatsopano mu Seputembala pamodzi ndi anzawo.

Lole ya katundu ibwere m'mawa. Mipando ndi bedi zilowe poyamba, matumba a chimanga ndi mpunga pansi, mbale ndi magalasi zokulungidwa m'zitenje pamwamba, zonse zofundidwa ndi lona chifukwa cha fumbi. Firiji iyende choimirira, ndipo mukafika idikire maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a mu kompuresa abwerere m'malo mwake. Mmodzi wa inu akwere nawo loleyo, ndipo masetifiketi a sukulu, kalata ya ntchito, ziphaso ndi ndalama zikhale m'chikwama chapamanja cha amene wakwera kutsogolo.